Zilombo za mu Maple Street: Mbiri ya Sewero la Chaka cha 1960

Pa 4 Malichi 1960 wailesi ya kanema ya CBS ku America inaonetsa sewero lotchedwa The Monsters Are Due on Maple Street, limene linali limodzi la masewero a The Twilight Zone. Mlembi wake anali Rod Serling, munthu amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Philippines. Ngakhale kuti sewerolo linanena za alendo ochokera kuthambo, cholinga cha mlembiyo chinali pa anthu a dziko lake ndi mantha amene anawagwira m'zaka zimenezo.

Nkhani yake njotere. Tsiku lina madzulo chinthu chowala chinapita pamwamba pa nyumba za mu msewu wa Maple, ndipo pomwepo magetsi anazima, mafoni anafa, magalimoto nakana kulira. Mnyamata wina dzina lake Tommy anauza akuluakulu kuti iye anawerengapo nthano ya zolengedwa za kuthambo zimene zimayamba zatumiza ena a mtundu wao, ooneka ngati anthu, kuti akakhale pakati pa anthu. Poyamba anamseka, koma mauwo anatsalira m'mitima mwao. Galimoto ya Les Goodman italira yokha, anansi anakumbukira kuti iye amakonda kuyang'ana kumwamba usiku. Steve Brand, amene anayesa kuwaletsa, nayenso anamkayikira chifukwa cha wailesi imene ankapanga m'chipinda chapansi pa nyumba yake. Kutada, Charlie anaona munthu alikudza mumdima namuombera ndi mfuti, osadziwa kuti ndi mnansi wao Pete Van Horn, amene anapita kukaona ngati msewu wina unali ndi magetsi. Tsono chipwirikiti chinabuka, mnansi naukira mnansi mnzake. Potsiriza pake alendo awiri a kuthambo anaoneka ali paphiri chapatali, akuzimitsa ndi kuyatsa magetsi, ndipo anagwirizana kuti palibe chifukwa chomenyera nkhondo anthu amene angathe kuonongana okha.

Kuti sewero limeneli limveke bwino, nkofunika kukumbukira zimene zinachitika m'dzikomo nkhondo itatha. M'chaka cha 1947 komiti ya Nyumba ya Malamulo inaitana anthu opanga mafilimu ku Hollywood kuti anene ngati anali Akomyunisiti. Khumi a iwo anakana kuyankha, ndipo pambuyo pake anaikidwa m'ndende, ambiri enanso namanidwa ntchito. Pa 9 Febuluwale 1950 Joseph McCarthy, phungu wa ku Wisconsin, ananena mu mzinda wa Wheeling kuti anali ndi maina a Akomyunisiti ogwira ntchito mu unduna woona za maiko akunja. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kutaya ntchito chifukwa cha mphekesera chabe, ndipo wofuna kudzipulumutsa ankatchula maina a anzake. Anthu ena anatcha mchitidwewu kusaka mfiti. Aphungu anzake anamdzudzula McCarthy pa 2 Disembala 1954, ndipo iye anamwalira mu 1957, koma kukayikirana sikunathe naye.

Chifukwa chimene Serling anasankhira nthano za kuthambo chilinso ndi mbiri yake. Mu Ogasiti 1955 mnyamata wakuda wa zaka 14, Emmett Till, anaphedwa ku Mississippi, ndipo omuphawo anamasulidwa ndi bwalo la azungu okhaokha. Serling analemba sewero pa nkhaniyi, Noon on Doomsday, koma amalonda amene ankalipira nthawi ya pa kanema anaopa kukwiyitsa ogula a kumwera. Pamene linaonetsedwa mu 1956, nkhaniyo inali itasamutsidwira ku New England, ndipo wophedwayo sanalinso munthu wakuda. Serling anazindikira kuti mau amene amalonda sakanalola kuti anenedwe za anthu enieni, akanatha kuwalola ngati aikidwa m'nthano ya zolengedwa zachilendo. Chifukwa chake mu Okotobala 1959 anayamba The Twilight Zone.

Chimene chapatsa sewerolo moyo wautali ndi chakuti alendowo sapha munthu ndi mmodzi yemwe. Zonse zimene anansi anaziyesa umboni zinali zinthu wamba, monga kusowa tulo ndi kukonda wailesi, zimene akhala akuziona zaka zambiri osadandaula nazo. Mantha ndiwo anazisandutsa mlandu. Mu 2003 nkhaniyi inakonzedwanso, ndipo m'malo mwa zolengedwa za kuthambo anthu a mu msewuwo anaopa zigawenga, naukira banja limene linali litangosamukira kumene pakati pao. Mau a sewero loyambalo anasindikizidwa m'mabuku owerenga a m'sukulu zambiri za ku America, kumene aphunzitsi amafunsa ana kuti afufuze pamene kukayikirana kunayambira, ndi amene akanatha kukuletsa Pete Van Horn asanaomberedwe.