Lamulo la Wood: mmene America inazolowerera kuchotsa munthu ntchito popanda chifukwa

M'zaka za m'ma 1880, ku Chattanooga m'chigawo cha Tennessee, kunali wamalonda wina dzina lake Payne. Sitolo yake inali pafupi ndi malo a kampani ya njanji ya Western & Atlantic, ndipo antchito a kampaniyo ndiwo ankamugula kwambiri. Tsiku lina kampani inatulutsa chidziwitso chakuti wantchito aliyense wopezeka akugula kwa Payne, ntchito yamuthera pomwepo. Malonda anazima. Payne anakadandaula kukhoti, koma mu 1884 khoti lalikulu la Tennessee linaikira kumbuyo kampani. Oweruza anati bwana angathe kuchotsa wantchito pa chifukwa chabwino, popanda chifukwa, ngakhalenso pa chifukwa choipa, ndipo palibe lamulo limene walakwira. Chimene chimandidabwitsa ine pa mlanduwu n'chakuti wodandaula anali mwini sitolo. Antchito amene ankauzidwa koti agule sopo ndi ufa sanafunsidwe kanthu.

Maganizowa sanachokere ku England, kumene America inatengera malamulo ake ambiri. Kumeneko, munthu akalembedwa ntchito popanda kutchula nthawi, makhoti ankaiwerengera kuti ndi ya chaka chathunthu. Nzeru yake inali ya kumunda: si bwino kuti munthu akhetse thukuta pokolola, kenako chisanu chikafika, ntchito itachepa, umuthamangitse akafe ndi njala. Amene anatembenuza zimenezi ndi loya wina wa ku New York, Horace Wood. M'buku lake la mu 1877 lonena za bwana ndi wantchito, analemba kuti ku America ntchito yopanda nthawi yoikika ingathe tsiku lililonse limene mmodzi mwa awiriwo wafuna. Anatchula milandu ingapo ngati umboni. Akatswiri a malamulo ataifufuza patapita zaka zambiri anapeza kuti milanduyo sinkanena zimene Wood ankati ikunena. Koma mafakitale, migodi ndi makampani a njanji anali kukula, ndipo ankafuna manja oti awatenge lero, mawa n'kuwataya. Makhoti analandira mawu a Wood, ndipo la ku New York linawavomereza mu 1895. Ndiyo at-will imene imalembedwa m'makontirakiti a ku America mpaka lero. Kunena zoona ndi ganyu, kungoti wovala tayi.

Oikira kumbuyo lamuloli ankati n'chilungamo, poti naye wantchito ali ndi ufulu wosiya ntchito nthawi iliyonse. Khoti lalikulu la dziko lonse linagwiritsa ntchito mfundo yomweyi mu 1908 pa mlandu wa Adair, kapitawo wa njanji amene anachotsa munthu chifukwa chokhala m'bungwe la antchito. Ine mfundoyi sindiimva. Kampani ikataya wantchito mmodzi, sitima zimayendabe. Wantchito akataya kampani, kunyumba moto suyaka.

Chichokereni nthawiyo, America sinafafanize lamulo la Wood. Yangolitchingira apa ndi apo. Mu 1935 analetsa kuchotsa munthu chifukwa cha bungwe la antchito, mu 1964 chifukwa cha mtundu, khungu, chipembedzo, kumene anachokera kapena kukhala mkazi kapena mwamuna, mu 1967 chifukwa cha ukalamba. Mu 1959 khoti lina la ku California linamva dandaulo la Petermann, amene anati anachotsedwa atakana kukanama pansi pa lumbiro monga anamulamulira bwana wake, ndipo linagamula kuti chifukwa chotero lamulo silingachilole. Chigawo chimodzi chokha, Montana, ndicho chinalimba mtima mu 1987 n'kunena kuti munthu akadutsa nthawi yoyesedwa, asachotsedwe popanda chifukwa chomveka.

Kuchotsa anthu chigulu kuli ndi mbiri yakeyake. Pa 19 September 1977 kampani ya zitsulo ya Youngstown Sheet and Tube ku Ohio inalengeza kuti ikutseka fakitale yake ina, ndipo anthu pafupifupi 5,000 anadziwa Lolemba lomwelo kuti ntchito palibe. Panapita zaka zoposa khumi aphungu akukangana mpaka mu 1988, pamene lamulo la WARN linatuluka, Pulezidenti Ronald Reagan osalisayina n'komwe. Limati kampani ya antchito 100 kapena kuposa ichenjeze anthu masiku 60 isanatseke fakitale kapena kuchotsa anthu ambiri nthawi imodzi. Limangonena za notisi. Chifukwa chochotsera sililowererapo.

Mphwanga wina ankagwira ntchito ku Indiana. Atamuchotsa pamodzi ndi anzake pamalo ena osungira katundu, anandiimbira foni mtima uli m'mwamba. "Achimwene, sanandiitane ngakhale pa hiyaring'i. Angondilanda khadi yolowera pageti n'kundipatsa envelopu." Mu envelopumo munali pepala lolonjeza kandalama, bola asayine kuti sadzasumira kampani. Iye ankaganiza ngati ali kuno kwathu. Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limati pasakhale kuchotsa munthu popanda chifukwa chomveka, akalakwa apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo kukhoti la nkhani za ntchito bwana ndiye ayenera kutchula chifukwacho. Linatsatira pangano nambala 158 la bungwe la zantchito la padziko lonse la ILO, limene Malawi anavomereza mu 1986 koma America sinavomereze. Sindikuti kuno zonse zili bwino. Amene anadikirapo chigamulo cha khoti limeneli akudziwa kutalika kwa mzere wake. Koma kuno funso limagwera bwana. Ku America limagwera wochotsedwa, kuti aonetse yekha kuti kuseri kwa mawu akuti "tikuchepetsa antchito" kunali chifukwa choletsedwa: mwina onse amene apita ndi achikulire, mwina amene wapita ndi mayi wapakati, mwina ndi uja anadandaula za malipiro a maola owonjezera mwezi wathawu.

Inu amene muli kumeneko, envelopu ikakupezani musasayine tsiku lomwelo. Ngati muli ndi zaka 40 kapena kuposa, lamulo la mu 1990 limakupatsani masiku 21 oti muganize, 45 ngati mwachotsedwa pagulu, ndi masiku 7 obweza siginecha yanu mutasayina kale. Pochotsa gulu, kampani iyenera kukuonetsani maudindo ndi zaka za amene achotsedwa ndi amene atsala. Mukaona kuti panali tsankho, dandaulo ku bungwe la boma loona za tsankho pa ntchito la EEOC lifike pasanathe masiku 180, kapena 300 m'zigawo zambiri. Funsani loya masikuwo asanathe.