Tindege ta Balsa: Kuchokera pa Thabwa la Mmisiri Kufika pa Shelefu ya Sitolo

Luso lopanga tindege touluka linayamba kale kuposa ndege za injini zonyamula munthu, pakuti mu 1871 Alphonse Pénaud anaulutsa ku Paris kandege koyenda ndi mphira wopotedwa, kutatsala zaka 32 kuti abale a Wright auluke. Lusoli linafala kwambiri ku America Charles Lindbergh atawoloka nyanja ya Atlantic mu 1927, ndipo m'zaka zotsatira makampani monga ya Paul Guillow ku Massachusetts ankagulitsa kit, kutanthauza bokosi lokhala ndi pulani ya kandege pamodzi ndi timatabwa ta balsa, mtengo wopepuka zedi umene wambiri umachokera ku Ecuador.

Kwenikweni wogula bokosilo ankagula ntchito ya milungu kapena miyezi. Ankayala pulani pa thabwa, n'kudula nthiti za phiko imodziimodzi ndi lezala, kuzigwiriziza ndi mapini pamwamba pa chojambulacho mpaka guluu ataumiratu, kenaka n'kukuta chigobacho ndi pepala lopyapyala kapena silika. Pomaliza ankapaka dope, mankhwala afungo lamphamvu amene akamauma amakunga pepalalo mpaka limalira ngati kang'oma munthu akaligogoda ndi chala. Ngakhale wailesi yowongolera kandege anthu ankadzipangira okha, monga anachitira mapasa Walter ndi William Good chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, amene kandege kawo, Big Guff, kakusungidwa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Smithsonian.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1960 pamene kunabwera MonoKote, pulasitiki womata ndi simbi yotentha, amene anachotsa ntchito yambiri yopakapaka. Pambuyo pake mafakitale, makamaka a ku Asia, anayamba kutumiza tindege tomanga ndi kukuta kale totchedwa ARF, tofuna kungolumikiza mapiko ndi kuikamo injini, ndipo chaka cha 2000 chitadutsa, mabatire a lithium, timamota tamphamvu ndi pulasitiki wonga thovu louma zinatheketsa kugulitsa kandege kouluka tsiku lomwelo.

Kunena zoona, kusinthaku kunatsegulira khomo anthu ochuluka amene analibe nthawi kapena malo opalira matabwa, ndipo wophunzira sachitanso nthumanzi yoti ntchito ya miyezi itatu ingathere pansi m'kamphindi. Komabe chimene chinatayika n'chachikulu, ndipo chimaonekera kandege kakagwa, zomwe zimachitikira aliyense woulutsa. Amene anamanga yekha amadziwa pamene padutsa msana wa phiko ndi chifukwa chake kulemera kuyenera kukhazikika pamalo ake, motero amafunyulula pulani yakale ija, n'kudula nthiti zatsopano m'malo mwa zothyokazo. Wogula kopangapanga kawirikawiri amaitanitsa phiko lathunthu, ndipo ngati fakitale inasiya kupanga mtundu umenewo, kandegeko kamangokhala pakona ya galaja.