Mchenga wa pa Zalewa ndi Malamulo a Dziko

Lero tikamba za mchenga ndi miyala, komanso za maenje amene amatsala okumba akachoka.

Inu amene mudayendapo pa msewu wa M1 mukudziŵa pa Zalewa, m'boma la Neno, pamene pali mlatho wa pa Shire ndi mphambano ya msewu wopita ku Mwanza ndi ku Tete. Ambiri amakumbukira malowo chifukwa cha matumba a makala. Koma msewu wabwino sutenga makala okha. Paliponse pamene lole ingafike pafupi ndi mtsinje, mchenga umasanduka malonda, pakuti nyumba za m'mizinda sizimangika popanda iwo. Msewu weniweniwonso umadya miyala ndi dothi lambiri poumanga, ndipo zonsezo zimachokera m'maenje a m'mbali mwake.

Kale munthu ankatapa mchenga wongokwanira nyumba yake, ndipo mwini mawu adali nyakwaŵa. Dengu silikumba dzenje lalikulu. Zinthu zidasintha pamene Shire adayamba kugwira ntchito ya dziko lonse. Kunsi kwa Zalewa kuli Walker's Ferry, kumene amapopa madzi a mzinda wa Blantyre, ndiponso Nkula, kumene makina a magetsi adayamba kuzungulira mu 1966. Tedzani adatsatira mu 1973, Kapichira mu 2000. Chiyambire pamenepo, dothi lililonse logumuka pa gombe limakathera m'madamu ameneŵa, ndipo a EGENCO amawononga ndalama zambiri kulichotsa ndi makina. Mwina wina anganene kuti wokumba mchenga akuthandiza, popeza akuchotsa zomwe zikadakatseka damu. Si choncho ayi. Iye safuna matope, afuna mchenga woyera. Ndipo kuti aupeze amazula bango, amagumula gombe, malole nadzapondereza potsalapo. Mvula ikagwa, chimene chimatsika ndi matope omwe aja.

Nanga lamulo lidanena chiyani? Lamulo la migodi la 1981 lidaika chuma chonse cha pansi pa nthaka m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Malaŵi, nililamula kuti wokumba akhale ndi chilolezo. Mtima wa lamulolo udali pa funso lakuti ndani ayenera kukumba. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo losamalira chilengedwe, lofuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa zisanaloledwe. Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira mitsinje ndi nyanja. La chilengedwe lidalembedwanso mu 2017 ndi kubala bungwe la MEPA. La migodi lidasinthidwa mu 2019, kenakanso mu 2023, ndipo tsopano wofuna mgodi waukulu ayenera kusonyeza m'mene adzakonzere malowo akadzamaliza.

Kukonza malo si ntchito yodabwitsa, ngakhale dzina lake m'mabuku a boma limamveka lolemera. Imayamba tsiku loyamba kukumba. Nthaka yachonde yapamwamba aiunjike payokha, osaisakaniza ndi miyala. Ntchito ikatha, makoma a dzenje aŵagwetse kuti akhale otsetsereka pang'ono, akwirire, abwezere nthaka ija pamwamba, atsegule ngalande kuti madzi asaime, ndipo abzale vetiva, bango kapena mitengo yonga nsangu ndi mthethe. Wogulitsa nthaka yapamwambayo pamodzi ndi mchenga wagulitsa munda wa adzukulu ake. Dzenje losakwirira limasanduka dziŵe la udzudzu, ndipo m'nyengo ya dzinja mwana kapena ng'ombe sizidziŵa kuya kwake.

Pano ndi pamene malamulo athu amatsimphina. Kampani yaikulu ili ndi dzina, ofesi ndi chilolezo chimene boma lingalande. Koma maenje ambiri a mchenga amakumbidwa ndi anyamata a mafosholo, olipidwa pa lole iliyonse, ndipo mwini lole amakhala kutali. Mchenga ukatha onse amasamukira patsogolo. Woyendera wochokera ku boma amapeza dzenje lokha, ndipo sitikumnyoza, pakuti kuchokera ku Neno kufika pa Zalewa ndi mtunda ndithu.

Tikuganiza kwathu, mphamvu yeniyeni ikadali pamene idali kale. Malo ambiri a m'mbali mwa Shire ali pansi pa mafumu, ndipo lole siloŵa ku gombe mudzi osadziŵa. Mfumu ndi khonsolo akagwirizana kuti pa mtengo wa lole iliyonse pazitsala kangachepe kosungira ntchito yokwirira, ndalamayo idzakhalapo pa tsiku limene mwini lole sadzaonekanso. Pa Zalewa kuŵerenga malole sikungavute: onse opita ku Blantyre ayenera kuwoloka pa mlatho.