Steve Chimombo, Mlembi Amene Anatsata Mapazi a Napolo

Ukaima padoko la Kachulu n'kuyang'ana kumadzulo, maso amakagwera paphiri la Zomba. Kumeneko n'komwe kumachokera Likangala ndi Domasi, mitsinje yothira m'nyanja ya Chilwa, ndipo n'komwenso Napolo anatsikira mu Disembala 1946, kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. Abale a Paseli anaiika ngoziyo m'nyimbo imene inamveka dziko lonse. Nthawiyo Steve Chimombo anali khanda la chaka chimodzi, popeza anabadwira ku Zomba konkuno pa 4 Seputembala 1945.

Sukulu anaipita ndithu: Zomba Catholic, Yunivesite ya Malawi, kenako Wales, Leeds ndi Columbia ku New York. Atabwerako anakhazikika pa Chancellor College ngati mphunzitsi. Ambiri ofika pamenepo amayamba kuona nthano za agogo ngati zachibwana. Iye ayi. Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri, chomwe amayi amatchula chapansipansi mvula ikakana kukata, anachiyesa nkhani yoyenera buku.

Panalinso chifukwa china. M'nthawi ya Kamuzu, bungwe lounika mabuku ndi nyimbo lomwe linakhazikitsidwa mu 1968 linkasefa chilichonse, ndipo mawu amodzi ankatha kumutsekeretsa munthu. Jack Mapanje, mnzake wa pa Chancellor, anamangidwa mu 1987 n'kukatsekeredwa ku Mikuyu, m'chigwa chomwechi cholowera kunyanja, mpaka 1991. Chimombo anasankha kulankhula mokuluwika. Sewero lake la The Rainmaker linadzera mwa M'bona, ndipo ndakatulo za Napolo Poems, zotuluka mu 1987, zinkakamba za mphamvu yosesa anthu mosafunsa. Wamakutu ankamva. Bukulo linatchulidwa mwaulemu pa mphotho ya Noma mu 1988.

Kwa ine, ntchito yake yaikulu ndi ija anthu saitchula kawirikawiri, yolemba za luso la ena. Anayambitsa magazini ya WASI, momwe oimba, azisudzo, ojambula ndi alembi ongoyamba kumene ankapeza wowaunika mosanyoza. Mu 1996, iye ndi mkazi wake Moira anatulutsa The Culture of Democracy, buku losanthula chinenero, zolemba ndi luso la zaka za 1992 mpaka 1994, pomwe pakamwa pa Amalawi panatseguka. Mu 2007 anabwera ndi AIDS Artists and Authors, kulondola momwe aluso anaimbira ndi kulembera za mliri umene ambiri ankangouti matenda a boma. Achinyamata amene lero amakhala pansi ndi foni ndi maikolofoni kujambula podikasiti zokamba za oimba akuyenda m'njira imene iye analambula ndi pepala, panthawi yomwe kutero kunkafuna kulimba mtima.

Chondiwawa n'chakuti zambiri anazilemba m'Chingerezi. Msodzi wa matemba ku Kachulu, kapena mayi wolima mpunga ku Domasi, ndiye mwini Napolo weniweni, koma buku la The Wrath of Napolo la mu 2000 silinamufike m'chinenero chake. Chimombo anamwalira pa 11 Disembala 2015 ali ndi zaka 70, ndipo ntchito yomasulirayo ikudikira ophunzira ake, omwe ali mbwee m'masukulu ndi m'nyumba zoulutsira mawu.