Chilembo, Jezi ndi Kaundula: Miyezo Yolemekezera Osewera m'Sukulu za Sekondale

M'sukulu za sekondale za ku United States muli mwambo wopatsa wophunzira amene wasewera mokhulupirika mu timu yaikulu ya sukulu chilembo choyamba cha dzina la sukuluyo, chodulidwa pa nsalu yaubweya, chimene iye amachisokerera pachifuwa cha jekete ndi kuchivala ngakhale atamaliza maphunziro. Chilembochi amachitcha varsity letter, ndipo varsity ndi dzina la timu imene imaimira sukulu yonse pa mipikisano, kusiyana ndi timu yachiwiri ya ongophunzira kumene. Mwambowu unayambira ku yunivesite ya Harvard m'chaka cha 1865, pamene osewera baseball anasokerera chilembo cha H pa malaya awo, ndipo pambuyo pake unafalikira m'sukulu za sekondale. Ku Britain, kumene Malawi anatengera zambiri za kayendetsedwe ka sukulu, monga mapulifekiti ndi kugawa ophunzira m'nyumba zopikisana, ulemu wofanana nawo umatchedwa colours, ndipo umaoneka pa tayi kapena pa jekete ya yunifolomu.

Chimene chimapatsa chilembocho mtengo ndi miyezo yolembedwa imene wophunzira ndi makolo ake amaidziwa nyengo ya masewero isanayambe. Sukulu iliyonse imakhazikitsa yake, koma zambiri zimafuna kuti wosewera alowe m'bwalo kwa nthawi yoikika, mwachitsanzo theka la zigawo zonse zimene timu yasewera m'chakacho, pamene wothamanga amawerengeredwa mapointi amene wapezera sukulu pa mipikisano. Zimafunanso kuti asamajombe pa zokonzekera, akhoze m'kalasi pa mlingo woikika, asapalamule mlandu wa mwambo, ndiponso akhale mu timu mpaka masewero omaliza. Pamwamba pa zonsezi pamasiyidwa mpata woti mphunzitsi wa timu aweruze yekha nkhani ya wosewera amene anavulala pakati pa nyengo, kapena amene wakhala pabenchi zaka zinayi osadandaula, ndipo mpata umenewu ndi umene umabala mikangano yambiri chifukwa suyezeka ndi manambala.

Kuno ku Malawi, m'sukulu za ku Mitundu, pa msewu wodutsa ku koleji ya Bunda, ndi za ku Nathenje, pa msewu wa M1 wopita ku Dedza, chilembo chotere kulibe, koma miyezo ilipo, ngakhale kuti kawirikawiri imakhala m'mutu mwa mphunzitsi wa zamasewero ndi kaputeni wa timu. Chizindikiro cha ulemu kumeneko ndi jezi, ndipo jezi ndi katundu wa sukulu: imatuluka m'chikwama pa tsiku la masewero, imavalidwa ndi osewera 11 a mpira wamiyendo kapena 7 a ntchemberembaye, kenako imachapidwa ndi kubwezedwa kuti idzavalidwe ndi ena chaka chamawa. Choncho ulemuwo umakhala wobwereka, ndipo funso lakuti ndani auyenera limayankhidwa mwatsopano sabata iliyonse. Mipikisano yovomerezeka imayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Schools Sports Association, lodziwika kuti MASSA, ndipo imayambira pa zoni, kutanthauza gulu la sukulu zoyandikana, n'kukwera mpaka pa dziko lonse. Opambana amalandira chikho, mamendulo, mipira kapena yunifolomu, zimene zambiri zimatsala mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

Muyezo umene umakambidwa kwambiri pa mipikisano imeneyi ndi wa kuyenera kusewera, ndipo uli ndi mbali ziwiri. Yoyamba ndi yakuti wosewera akhale wophunzira weniweni, wolembedwa m'kaundula wa sukuluyo ndipo wopezeka m'kalasi. Wosewera waganyu ndi mnyamata wa timu ya m'mudzi kapena ya pamsika amene wavekedwa jezi ya sukulu tsiku limodzi lokha kuti agoletse zigoli, ndipo kumadera kumene bwalo la sukulu ndi lomwelo limene matimu a m'midzi amaseweramo Loweruka ndi Lamulungu, chiyeso chomubwereka chimakhala chachikulu. Mbali yachiwiri ndi ya zaka, ndipo ndi yovuta kwambiri, chifukwa m'sukulu zoyendera za kumidzi si zachilendo kupeza mu Fomu 2 wophunzira amene anayamba Sitandade 1 mochedwa kapena anabwereza makalasi angapo, moti ndi wophunzira weniweni koma wapyola msinkhu wa mpikisano. Kuchotsa wotereyu kumaoneka ngati nkhanza, komabe kumusiya kumalanda malo mwana wa zaka 14 amene mpikisanowo unakonzedwera.

Kulemera kwa muyezo wa zaka kunaonekera m'chaka cha 2009, pamene timu ya mpira wamiyendo ya Malawi ya anyamata osapyola zaka 17 inafika mu ndime ya matimu anayi pa mpikisano wa mu Africa ku Algeria, dziko la Niger litachotsedwa chifukwa choseweretsa wopyola msinkhu, ndipo mwayi umenewo unaitengera ku mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Nigeria. Chaka chomwecho bungwe loyendetsa mpira pa dziko lonse lapansi la FIFA linayamba kujambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI pofuna kuyerekeza zaka za osewera. Pa zoni palibe amene angakwanitse zimenezo, kotero umboni umene ulipo ndi kaundula wa sukulu, kalata ya kubadwa ndi chiphaso cha unzika, chimene boma linayamba kulembera anthu ochuluka mu 2017. Kuyambira 2022, pamene bungwe loyendetsa mpira mu Africa la CAF linakhazikitsa mpikisano wa sukulu za mu Africa wa ana osapyola zaka 15, umene Salima Secondary School inakaimira nawo Malawi ku Durban mu 2023, mapepala amenewa asanduka mbali ya masewero enieniwo.

Muyezo wa kusajomba pa zokonzekera, umene ku America umaoneka wachilungamo koposa yonse, ukhoza kupondereza ena ukangotengedwa mmene ulili. Wophunzira wa sukulu yogonera komweko amachoka m'kalasi n'kulowa m'bwalo, pamene mnzake woyendera amayenera kupalasa njinga kapena kuyenda wapansi mtunda wautali dzuwa lisanalowe, ndipo m'nyengo ya dzinja amafunika kumunda wa chimanga, soya, mtedza kapena fodya. Mtsikana amayembekezeredwanso kutunga madzi ndi kuphika, moti kujomba kwake sikuonetsa ulesi ayi. Sukulu imene ingafune kulemba miyezo yake iyenera kuwerengera masiku okhawo amene zokonzekera zinachitika m'nthawi ya sukulu, ndi kuvomereza chifukwa chochokera kwa kholo monga mmene imavomerezera kalata ya kuchipatala.

Kulemba miyezo kuli ndi phindu lina limene silifuna ndalama. Wophunzira akalemba mayeso a MSCE amapatsidwa testimoniyo, kalata ya mphunzitsi wamkulu yochitira umboni za khalidwe lake, ndipo m'kalatamo masewero amatchulidwa m'mawu ochepa, nthawi zambiri mongokumbukira. Kope limodzi losungidwa ndi mphunzitsi wa zamasewero, lolembedwamo tsiku, sukulu imene anakumana nayo, maina a amene analowa m'bwalo ndi mphindi zimene anasewera, lingachititse kuti testimoniyo inene zoona zenizeni, ndipo lomwelo lingakhale umboni pamene sukulu ina yadandaula kuti inagonjetsedwa ndi aganyu.