Pa Njinga M'zitunda za Toscana

Dziko la zitunda

Toscana ndi chigawo cha dziko la Italy. Mzinda wake waukulu ndi Firenze, umene ena amautcha Florence. Kummwera kwa Firenze kuli mzinda wa Siena. Pakati pa mizinda iwiriyi, malo athyathyathya ndi osowa. Ukatsika chitunda ichi, china chakudikira kale patsogolo. M'zitundamo muli minda ya mphesa, mitengo ya azitona, tirigu ndi nkhalango.

Chaka chilichonse alendo ambiri amapita kumeneko ndi njinga zakapalasa. Amamangirira zikwama ziwiri kukeliyala, amatenga botolo la madzi, pampu ndi chubu chapadera, n'kumapalasa mudzi ndi mudzi. Ambiri amapewa Julayi ndi Ogasiti chifukwa dzuwa limaswa mtengo.

Madzulo onse amadandaula chimodzimodzi: kogona kuli pamwamba pa phiri. Munthu wapalasa tsiku lonse, miyendo yalema, koma chikweza chowawa koposa n'chomaliza. Ena amangotsika n'kumakankha.

Anamangiranji pamwamba?

Midzi imeneyi inakula pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi 1300. Ndi nthawi yomwe kuno ku Africa anthu anayamba kumanga malinga a miyala a Great Zimbabwe.

Masiku amenewo Italy silinali dziko limodzi. Mizinda ikuluikulu inkadzilamulira yokha, ndipo nkhondo sizinkatha. Wokhala pamwamba amaona mdani akadali kutali. Mdaniyo amafika pachipata ali wefuwefu.

Chifukwa china ndi malungo. M'zigwa zina ndi m'madambo a kufupi ndi nyanja munali udzudzu wambiri. Anthu sankadziwa kuti udzudzu ndiwo umafalitsa matendawa, koma ankaona ndi maso awo kuti okhala m'munsi ndiwo ankadwaladwala. Inde, malungo analiko ku Ulaya. Bungwe la WHO linalengeza kuti atha ku Italy mu 1970.

Msewu wa ku Roma

M'chaka cha 990, Sigeric, bishopu wamkulu wa ku Canterbury m'dziko la England, anapita ku Roma kukaonana ndi Papa. Pobwerera, malo onse amene anagonamo analembedwa, ndipo alipo 79. Pamndandandawo pali Siena ndi San Gimignano.

Msewu umene anadzera umatchedwa Via Francigena. Unali msewu wa aliyense. Aulendo achipembedzo ankayenda pansi ndi ndodo kupita kumanda a Petulo ndi Paulo. Amalonda ankasenzetsa abulu nsalu ndi ubweya wa nkhosa. Asilikali ankadzera momwemo, ndipo achifwamba ankabisalira m'mbali.

Pamene padutsa anthu, pamagwa ndalama. Mlendo amafuna chakudya, pogona, nsapato ndi wom'sinthira ndalama. Midzi ya m'mbali mwa msewuwu inalemera nazo zimenezi.

Mpikisano wa nsanja

Wopalasa njinga amaona San Gimignano akadali kutali, chifukwa cha nsanja zake zamiyala. Lero zilipo 14. Kale zinalipo 72.

Anthu a kumeneko ankalima safironi, zokometsera chakudya zodula kwambiri, zimene zimachokera mkati mwa duwa. Ankagulitsa kutali, mpaka kutsidya la nyanja ya Mediterranean. Ena ankakongoza ndalama zakatapira. Banja likalemera linkamanga nsanja. Banja loyandikana nalo likaona, linkamanga yake yoposa pamenepo. Kukabuka ndewu, banja lonse linkathawira m'mwamba n'kumagenda adani ali pansi. Mabanja awiri, la Ardinghelli ndi la Salvucci, anadana kwa zaka zambiri.

Kunena zoona, zambiri mwa nsanjazi zinali zodzionetsera chabe. Zipinda zake n'zazing'ono ndiponso zamdima. Mu 1255 akuluakulu a tauni anaika lamulo loti munthu asamange nsanja yoposa ya boma, yotchedwa Rognosa. A Salvucci anali ndi nsanja ziwiri zoyandikana, ndipo zilipobe. Kenako boma lenilenilo linamanga ina yaitali koposa zonse, Torre Grossa, ya mamita 54. Inatha mu 1311.

Monteriggioni

Kuchoka ku San Gimignano kupita ku Siena ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Panjira pali kamudzi ka Monteriggioni. Anthu a ku Siena anakamanga pakati pa 1214 ndi 1219 kuti kazitchinga asilikali a Firenze. Linga lake n'lozungulira, la mamita 570, ndipo nalonso lili ndi nsanja 14. Mkati muli tchalitchi, chitsime ndi nyumba zowerengeka. Apa munthu amamwa madzi, n'kupitirira.

Siena ndi vuto la madzi

Kukhala pamwamba kuli ndi kuipa kwake. Siena alibe mtsinje waukulu. Ndiye anthu anakumba ngalande pansi pa nthaka, zotalika makilomita pafupifupi 25 zonse pamodzi. Anakumba ndi zikumbiro zapamanja, akuunika ndi nyale. Ngalandezo zimatsika pang'onopang'ono kwambiri kuti madzi aziyenda mwakachetechete, osavundula matope. Madziwo ankatulukira m'zitsime za mumzinda. Pachitsime cha Fontebranda, dziwe loyamba linali la madzi akumwa anthu, lachiwiri la ziweto, lachitatu lochapira. Madzi otsala ankapita kwa ofufuta zikopa ndi kumphero. Panalibe dontho lotayika.

Moyang'anizana ndi tchalitchi chachikulu pali nyumba yotchedwa Santa Maria della Scala. Ndi chimodzi mwa zipatala zakale kwambiri ku Ulaya. Chinkalandira aulendo, odwala, osauka ndi ana otayidwa. Anawo chinkawalera ndi kuwaphunzitsa ntchito. Lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale.

Chithunzi cha pakhoma

M'nyumba ya boma ya Siena muli chithunzi chachikulu chimene anajambula Ambrogio Lorenzetti mu 1338 ndi 1339. Chili m'chipinda chimene ankakumaniramo atsogoleri 9 a mzindawo.

Khoma lina likuonetsa dziko lolamulidwa bwino. Amisiri ali padenga akumanga. Wosoka nsapato akugulitsa. Mphunzitsi ali ndi ana ake. Kunja kwa chipata alimi akukolola ndi kupuntha tirigu, abulu akukwera chitunda ndi matumba, ndipo munthu wina akukusa nkhumba yakuda ya mzere woyera pamsana. Nkhumba za mtundu umenewo akuwetabe kumeneko.

Khoma lina likuonetsa dziko lolamulidwa moipa. Pampando pakhala wolamulira wanyanga. Chilungamo chamangidwa zingwe. Nyumba zikugwa, midzi ikuyaka, minda yangokhala thengo.

Amene analamula kuti chithunzichi chijambulidwe ndi atsogoleriwo eni ake. Ankafuna kuti akamaweruza nkhani, makoma onse awiri aziwapenya.

Chaka cha 1348

Mu 1339 anthu a ku Siena anayamba kukulitsa tchalitchi chawo. Ankafuna kuti chipose cha Firenze. Makoma anakwera ndithu.

Mu 1348 kunagwa mliri. Unabwera ku Italy ndi zombo zamalonda. Nthata za makoswe ndizo zinkaufalitsa. Munthu ankatupa m'khwapa ndi m'mphechepeche, pakapita masiku ochepa n'kumwalira. Msewu womwe uja unkabweretsa ndalama unathandizanso kufalitsa matenda. Ku Siena ndi ku San Gimignano kunafa anthu pafupifupi theka. Maliro ankaikidwa m'maenje aakulu, ambirimbiri pamodzi.

Ntchito ya tchalitchi inalekeka. Khoma lalikulu losamalizidwa likadali chiimire, ndipo alendo amakwerapo kuti aone mzinda wonse. San Gimignano anagonja kwa Firenze mu 1353. Siena analimbikirabe mpaka 1555, pamene naye anagonja atazingidwa ndi adani mpaka njala itavuta.

Kuyambira pa mliri uja malonda anachepa. Apaulendo ambiri anayamba kudzera m'chigwa, osakweranso ku San Gimignano. Kunalibe ndalama zogwetsera nyumba zakale ndi kumanga zatsopano. Zimene alendo amalipira ndalama zambiri kuti aone lero zinapulumuka chifukwa cha umphawi.

Ogawana zokolola

Nanga nyumba zamiyala zimene zili pazokhapazokha pamwamba pa zitunda n'za yani? Zinali za alimi opanda malo awoawo. Mwini munda ankakhala mumzinda. Ankapereka munda ndi nyumba, banja la mlimi n'kupereka thukuta. Pokolola ankagawana pakati: tirigu, vinyo ndi mafuta a azitona. Dongosololi linkatchedwa mezzadria. Amene anagwirapo utenanti wa fodya akudziwa mmene ngongole ya kwa bwana imakulira m'buku.

Zimenezi zinakhala zaka mazanamazana. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 achinyamata anatopa nazo. Anasiya makasu n'kupita kukagwira ntchito m'mafakitale. Mu 1964 boma la Italy linaletsa mapangano atsopano a mtunduwu. Nyumba zambiri zinasanduka mabwinja. Pambuyo pake anthu andalama anazigula n'kuzikonza. Zambiri lero ndi malo ogona alendo, ndipo mokhala ng'ombe kale ndimo mumasungidwa njinga.

Misewu yoyera

Alimi aja anasiyanso misewu yawo. Ndi misewu ya timiyala toyera, yopanda phula. Kukauma imabuka fumbi longa ufa. Potsika, tayala limatsetsereka pa timiyalato, ndipo wogwira mabuleki mwadzidzidzi amagwa.

Pang'onopang'ono misewu yotereyi inayamba kuthiridwa phula. Giancarlo Brocci ndi anzake a m'tauni ya Gaiole in Chianti sanakondwe nazo. Mu 1997 anayambitsa ulendo wa panjinga wotchedwa L'Eroica. Chaka choyamba anabwera anthu 92 okha. Lero amabwera masauzande ochokera m'maiko ambiri, kumayambiriro kwa Okutobala.

Malamulo ake ndi odabwitsa. Njinga iyenera kukhala yachikale, yosapitirira chaka cha 1987, kapena yopangidwa motsanzira zachikalezo. Zosinthira magiya zikhale pafelemu, osati pamahandulo. Anthu amavala majuzi a ubweya ngati agogo awo. Njira yaitali kwambiri ndi ya makilomita 209, ndipo oisankha amanyamuka kusanache, atayatsa nyale. M'malo opumira amapatsidwa buledi, nyama, vinyo ndi msuzi wa nyemba ndi masamba.

Wina angaseke kuona anthu olemera akulipira kuti avutike panjinga zakale mumsewu wafumbi. Kuseka n'kololedwa. Koma maganizo a Brocci anagwira ntchito: misewu yambiri ya timiyala tsopano ikusungidwa dala, chifukwa imabweretsa alendo m'midzi imene inali kutha. Kuyambira 2007 kumachitikanso mpikisano wa akatswiri wotchedwa Strade Bianche. Umathera pabwalo lalikulu la Siena, Piazza del Campo, pambuyo pa chikweza chothyola miyendo.

Kabuku ka zidindo

Msewu wa Sigeric nawo unatsitsimuka. Mu 1994 bungwe la Council of Europe linauvomereza kukhala njira ya chikhalidwe cha Ulaya, ndipo anaikamo zikwangwani. Mlendo amatenga kabuku, ndipo paliponse pamene wagona amamudindira. Kabukuko kamamuthandiza kupeza malo otsika mtengo m'nyumba za aulendo, zina za matchalitchi. Akafika ku Roma amaonetsa zidindozo kuti alandire satifiketi. Woyenda pansi ayenera kukhala atayenda makilomita 100 omaliza, wa panjinga makilomita 200.