Khungu limene makolo athu sanadule

Mnyamata wa ku Petauke kapena ku Nyimba akapita ku sukulu yogonera komweko, kudzikayikira kumayambira ku bafa. Mnzake wina ndi wodulidwa, wina khungu la kunsonga kwa chida chake ndi lalifupi, pamene iye lake ndi lalitali. Usiku amagona ndi funso limene sangafunse atate ake: kodi ine ndili bwinobwino?

Funso limeneli ndi lachilendo kwathu. Ansenga a kwa Kalindawalo ndi anansi awo Achewa analibe mwambo wodula anyamata. Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu 1835 anakhalako m'dziko la Ansenga, koma nawonso sanatisiyire mwambowu. Mdulidwe unali kutali: mukanda kwa Aluvale, Alunda ndi Achokwe ku North-Western, jando kwa Ayao ku Malawi. Kuno mwamuna anali kubadwa ndi khungu lake, kukwatira, kubala ana ndi kukalamba nalo, popanda woliyeza utali.

Zinthu zinasintha chifukwa cha HIV. Mu 2005, kafukufuku wa ku Orange Farm ku South Africa anaonetsa kuti mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mpata woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi. Ku Kisumu ku Kenya ndi ku Rakai ku Uganda anapezanso zofanana. Mu 2007 WHO ndi UNAIDS anavomereza njirayi, ndipo mu 2009 boma la Zambia linakhazikitsa pulogalamu ya mdulidwe wa kuchipatala m'dziko lonse. Uthenga unafika pa wailesi, m'masukulu ndi m'makiliniki a kum'mawa kuno.

Uthengawo unali woona, ngakhale kuti wodulidwa afunikabe kondomu. Koma anyamata ena anamva molakwa, kuganiza kuti khungu lenilenilo ndi matenda. Iyayi. Madokotala analiphunzira kale khunguli. Mu 1949 Douglas Gairdner wa ku Britain analemba kuti mwa ana ambiri ongobadwa kumene khunguli silibwerera kumbuyo, ndipo si chilema. Mu 1968 Jakob Øster wa ku Denmark, atapima anyamata a sukulu kwa zaka zingapo, anapeza kuti limamasuka lokha mwana akamakula: pofika zaka 16 kapena 17, mmodzi chabe mwa 100 ndiye anali akali ndi khungu lothina. N'chifukwa chake la mwana wamng'ono sitilikoka mokakamiza, kuopa kuling'amba.

Utali nawo umasiyana monga zala za m'manja. Lina limaphimba mutu wonse n'kutsalako, lina limalekera pakati. Ngati limabwerera kumbuyo popanda ululu, mumakodza bwino, ndipo mumasambitsa mkati ndi madzi tsiku lililonse, palibe chodetsa nkhawa.

Nanga kuchipatala n'kopita liti? Ngati mwakula koma khungu likukana kubwerera, kapena limang'ambika ndi kupweteka pogonana. Ngati pali kutupa, zilonda, mafinya, kapena mkodzo ukutuluka movutikira. Chachikulu n'chakuti khungu likabwerera kumbuyo n'kukanirira komweko, mutu n'kuyamba kutupa, musadikire kuti kuche, chifukwa magazi akutsekeka. Thamangani nthawi yomweyo ku kiliniki yapafupi, ku chipatala cha boma cha Nyimba, ku Minga Mission kapena ku Kalindawalo General Hospital. Osapaka mankhwala a mumsewu, ndipo osalola mnzanu kugwira lezala.

Agogo athu analibe chosankha chimene tili nacho lero. Ofuna kudulidwa, pitani kwa anamwino akufotokozereni ubwino wake ndi masabata 6 odikira kuti chilonda chipole musanagonane ndi munthu. Koma chikutumeni ndi nzeru zanu kapena ululu weniweni, osati kuseka kwa anzanu ku bafa.